Mbuna za ku Meluluca zilowe m'foni za ophunzira

Kale mwana wa kunyanja akapita ku sukulu yapamwamba ankadziwika ndi chikwama cholemera ndi mabuku. Lero amadziwika ndi foni. Anyamata ndi asungwana a m'distrito ya Lago amene akuphunzira za zamoyo ku Universidade Rovuma ku Lichinga, kapena za ulimi ku Universidade Lúrio ku Unango, akabwera ku tchuthi ku Metangula, ku Messumba kapena ku Cobué, sukulu yawo imakhala m'thumba la malaya. Ndipo limodzi mwa maphunziro amene amawathamangitsira ku foni ndi lija pa Chipwitikizi amati genética, phunziro la za chibadwa: m'mene mwana amatengera khungu, msinkhu kapena matenda kwa makolo ake, m'mene mbewu ya chaka chino imatengera kwa mbewu ya chaka chatha, ndi chifukwa chake chambo sichibala kampango.

Makolo agawikana pawiri. Ena akaona mwana ali chiweramire pa foni usiku, nyali za asodzi a usipa zikuyaka kale pa nyanja, amati akungosewera ndipo ndalama za mamega zikupita pachabe. Ena akunyadira kopitirira, mpaka kumanena kuti masiku ano mphunzitsi alibenso ntchito popeza zonse zili m'foni. Onsewa akuphonya. Chofunika kufunsa n'chakuti m'fonimo muli chiyani, ndipo yankho lake ndi lomvetsa chisoni. Mwana wobadwira m'mphepete mwa nyanja imene akatswiri a chibadwa a dziko lonse amaithamangira akuphunzira chibadwa ndi nsawawa za ku Brno, ntchentche za ku New York ndi akalulu ojambula, osadziwa kuti nsomba zimene amazipitirira akamasamba pa miyala zili m'magazini akuluakulu a sayansi.

Poyamba zabwino za mapulogalamuwa zinenedwe, pakuti zilipo ndithu. Buku lalikulu la genética siligulitsidwa pa msika wa Metangula, ndipo kumene lilipo limakhala limodzi pa ophunzira ambiri. Pulogalamu ya Khan Academy, imene inayamba mu 2008 ku America, ndi yaulere, ili ndi maphunziro a zamoyo, ndipo mbali yake yaikulu inamasuliridwa m'Chipwitikizi cha ku Brasil. Wophunzira angathe kusunga mavidiyo ake m'foni ali ku Lichinga, n'kumakaonera kumudzi kumene netiweki amachita kuisaka pa chulu. Pali zinthu zina m'phunziroli zimene choko sichingathe kuzionetsa bwino. Chimodzi ndi meiose, kugawikana kwa maselo kumene kumapanga mbewu ya bambo ndi dzira la mayi, pamene makromozomu 46 a munthu amatsika kufika pa 23. Pa bolodi mphunzitsi amajambula zithunzi zoima, wophunzira n'kumaloweza maina ake. Pa foni makromozomuwo amayenda, amayandikana awiriawiri, amasinthana zidutswa, kenaka n'kupatukana. Ndipo amene waona zimenezi kamodzi amamvetsa chifukwa chake ana a bere limodzi safanana ndendende.

Palinso Anki, imene pa mafoni a Android ndi yaulere ndipo imagwira ntchito popanda intaneti. Iyi ndi ya makadi a mafunso, funso kutsogolo, yankho kumbuyo. Khadi limene wophunzira walakwa limabweranso msanga, limene wakhoza limadikira masiku angapo, kotero kuti nthawi yake imathera pa zimene sakuzidziwa. Ina ndi PhET, ya ku University of Colorado Boulder, imene inayamba mu 2002. M'menemo wophunzira amaweta akalulu oyera ndi ofiirira, n'kutulutsira mimbulu, n'kumaona mtundu umene ukutsala pakapita mibadwo ingapo. Zonsezi ndi zida zabwino, ndipo kholo limene likuletsa mwana kuzigwiritsa ntchito likumulanda khasu nthawi ya dzinja.

Mavuto a mamega, a batire ndi a chilankhulo safuna kutalikitsa. Movitel itayamba mu 2012 netiweki inalowa m'midzi yambiri imene inalibe, koma vidiyo imadya mamega ngati moto pa udzu wouma. M'nyumba zambiri foni yokhoza kusunga mapulogalamu otere ndi imodzi, ndipo si kawirikawiri imakhala m'manja mwa msungwana. Mapulogalamu ambiri ali m'Chingerezi, ndipo ena ndi aulere pakhomo pokha, ukalowa m'kati amafuna ndalama.

Vuto lalikulu lili pena. Pulogalamu imapereka yankho loyera, pamene chibadwa chenicheni sichipereka mayankho oyera. Aliyense amene wadutsa sekondale amadziwa kunena kuti atatu kwa mmodzi. Koma Bambo Gregor Mendel, mmonke wa ku Brno amene anawerenga zofufuza zake pagulu mu 1865 n'kuzisindikiza mu 1866, sanatole chiwerengero chimenechi pa njira. Anakwatitsa nsawawa zake, zimene pa Chipwitikizi amati ervilha, kwa zaka zambiri, ndipo pa kuyesa kumodzi kokha anawerenga njere 7,324: zosalala 5,474, zokwinyika 1,850. Chiwerengerochi si atatu kwa mmodzi ndendende, chikungoyandikira. Phunziro la ku yunivesite limayambira pamenepa: kodi kusiyana kotsalako ndi kwa mwayi chabe, kapena pali china chobisika? N'chifukwa chake wophunzira amapatsidwa masamu aja a qui-quadrado. Mwana amene wadzaza mabokosi a Punnett mazana awiri pa foni, onse n'kutuluka bwinobwino, angathe kukhoza mayeso asanawerengepo ndi kamodzi komwe chamoyo chenicheni. Akadzapatsidwa dengu la nyemba zosakanikirana kuti anene zimene zachitika m'munda, amangokanda m'mutu.

Kuyambira 2022, pamene ChatGPT inatuluka, pabweranso mapulogalamu oyankha mafunso ngati munthu. Amathandiza kufotokoza mawu ovuta, komatu amalakwa, ndipo amalakwa ndi mawu okoma, osachita chibwibwi. Wophunzira amene sanagwire mutu wa phunziro alibe pomuonera kuti wanamizidwa. Chikomekome cha mkuyu.

Tsono pali nkhani ya mawu, imene ena amaiyesa yaing'ono. Pa Chipwitikizi amati gene. Pomasulira m'Chinyanja ena amalemba kuti jini, ambiri majini. Koma m'mphepete mwa nyanja muno majini ndi mizimu yoipa imene imagwira munthu. Wophunzira amene angauze agogo ake kuti mwana wadwala chifukwa cha majini a makolo ake wanena zoona za m'buku, koma agogowo amva zina, ndipo m'mawa mwake banja lili pa ulendo wopita kwa sing'anga. Palibe pulogalamu ya ku California imene ingadziwe msampha umenewu. Chinyanja chinalowa kale m'kalasi m'dziko muno: chinayesedwa ku Tete pakati pa 1993 ndi 1997 pa ntchito ija ya PEBIMO, ndipo pambuyo pake chinakhala chimodzi mwa zilankhulo za maphunziro a zilankhulo ziwiri ku pulaimale. Koma chimatsala pakhomo mwana akamakwera makalasi, ndipo mawu ofotokozera dominante ndi recessivo, chibadwa choonekera ndi chibadwa chobisala, sanakhazikike. Amene angawakhazikitse ndi ana a kunyanja amene aphunzira phunziroli, palibenso wina.

Nanga m'nyanjamo muli chiyani? Nyanja ya Niassa ili ndi mitundu yoposa 500 ya nsomba za banja la chambo, mbuna, utaka ndi ncheni, ndipo akatswiri ena amati ikafika 800 kapena kupitirira. Usipa, kampango ndi mpasa si za banja limeneli. Pafupifupi mitundu yonseyi sipezeka kwina kulikonse padziko lapansi. Kupatula chambo ndi abale ake ochepa, asayansi akuti yonseyi inachokera ku makolo amodzi m'zaka zosafika miliyoni imodzi, nthawi yochepa kwambiri pa mbiri ya zamoyo. Mu 2018 Milan Malinsky, Richard Durbin ndi anzawo anasindikiza zimene anapeza atawerenga DNA yonse ya nsomba 134 za mitundu 73 ya m'nyanja muno. Anapeza kuti pa zilembo 1,000 zilizonse za DNA, zosiyana pakati pa mtundu wina ndi unzake sizifika zitatu. Pakati pa munthu ndi chimpanzi zosiyana zimapitirira 10. Ndiye kuti ncheni, chilombo cha mano chothamangitsa usipa pakati pa nyanja, ndi kambuna kodya ndere pa mwala, n'zapachibale kwambiri kuposa m'mene munthu aliri ndi nyani amene amafanana naye koposa. Funso lakuti kusintha kochepa chonchi kungabale bwanji matupi osiyana chonchi ndilo mtima wa genética ya masiku ano. Olemba nkhaniyo analipo asanu ndi awiri, onse a m'masukulu a ku Ulaya.

M'matanthwe a m'madzi a kufupi ndi Meluluca, pamalo pamene mapu a alendo amati Minos Reef, muli mbuna imene Ad Konings anayamba kuifotokoza mwa sayansi mu 1995, yomwe pambuyo pake inatchedwa Metriaclima estherae. Zazimuna zambiri n'zabuluu, zazikazi zambiri n'zofiira ngati nachesi yakupsa. Ku Ulaya ndi ku America anthu amaiweta m'magalasi a madzi m'nyumba zawo. Kambuna kenanso kamagulitsidwa kumeneko ndi dzina la Cobue, kotero kuti pali azungu amene amatchula dzina la Cobué tsiku ndi tsiku osadziwa kuti kumeneko kuli anthu, tchalitchi ndi doko loyang'anana ndi Likoma.

Mwana aliyense amene anawedzapo pa miyala anaonapo mbuna ya mawangamawanga akuda pa thupi lofiirira, ndipo msodzi watcheru amadziwa kuti zoterezi kawirikawiri zimakhala zazikazi. Chifukwa chake chinadziwika mu 2009, pamene Reade Roberts, Jennifer Ser ndi Thomas Kocher a ku University of Maryland anachifotokoza m'magazini ya Science. Mawangawo amabwera chifukwa cha kusintha pa gene yotchedwa pax7, ndipo ndi chibadwa choonekera: chikachokera kwa kholo limodzi lokha chimaoneka. Kwa yaikazi mawanga ndi mwayi, pakuti imabisala bwino pa miyala ya mawanga, adani osaiona. Kwa yaimuna ndi tsoka, pakuti amafafaniza mtundu umene zazikazi zimaizindikira nawo pa nthawi yoswana. Chimene akatswiriwo anapeza n'chakuti gene ya mawanga ili moyandikana kwambiri, pa kromozomu imodzi, ndi chibadwa chimene chimachititsa nsomba kukhala yaikazi. Ziwirizi zimayendera limodzi, kuchoka kwa mayi kupita kwa ana ake aakazi, ndipo zazimuna za mawanga zimapezeka mwa apo ndi apo. Kwa anthu odziwa za mbumba, kumene mtundu umatsata kuchikazi, nkhaniyi siifuna kufotokoza kawiri.

Pulogalamu ya pa foni imaphunzitsa mutu womwewu ndi ntchentche ya maso oyera imene Thomas Hunt Morgan anaipeza ku Columbia University mu 1910. Ntchentcheyo ili ndi ulemu wake m'mbiri ya sayansi, ndipo iphunzitsidwe ndithu. Koma wophunzira wa ku Meluluca sanaionepo, pamene mbuna ya mawanga anaigwirapo ndi manja.

Ndipo mbuna imamufikitsa patali kuposa pamene pulogalamu imalekezera. Makadi ambiri oloweza amati XX ndi wamkazi, XY ndi wamwamuna, nkhani yatha. Kwa munthu zili choncho. Kwa nkhuku n'zosiyana: yaikazi ndiyo ili ndi makromozomu awiri osiyana, Z ndi W. Tsono mu 2010 gulu lomwe lija la ku Maryland linaonetsa kuti mwa mbuna zina njira ziwirizi zimapezeka pamodzi mu mtundu umodzi, ndipo nsomba ikalandira W ndi Y zonse, W ndiye amapambana, nsombayo n'kukhala yaikazi. Apa wophunzira waphunzira mitu iwiri ya ku yunivesite pa nsomba imodzi: chibadwa choyendera limodzi ndi umuna kapena ukazi, komanso gene ina kuphimba inzake, kuja amati epistasia.

Chimodzimodzinso pakamwa pa nsomba. Craig Albertson ndi anzake anachita zimene Mendel anachita, koma ndi mbuna. Anakwatitsa Labeotropheus fuelleborni, ija ya mphuno yonenepa ndi kamwa loyang'ana pansi lopalira ndere pa mwala, ndi Metriaclima zebra ya kamwa loyang'ana kutsogolo, n'kuyeza nsagwada za zidzukulu zake. Zimene anasindikiza mu 2003 ndi 2005 zinaonetsa kuti nsagwada sizitsata atatu kwa mmodzi, popeza zimaumbidwa ndi malo angapo a m'makromozomu, ndipo imodzi mwa magene ofunika ndi bmp4, yomwenso imakhudza kukula kwa milomo ya mbalame zotchuka za ku zilumba za Galápagos. Umu ndi m'mene zimayendera zinthu zambiri zimene mlimi ndi mfuwi amasamala nazo: msinkhu wa chimanga, kulemera kwa mbuzi, kukula msanga kwa nsomba ya m'dziwe.

Wina anganene kuti zonsezi ndi zokongoletsa chabe, kuti sayansi ndi imodzi dziko lonse, ndipo pa mayeso adzafunsa za nsawawa. N'zoona kuti malamulo a Mendel sasintha ukawoloka Rovuma. Koma distrito siitumiza ana ake ku sukulu kuti akangobwera ndi pepala. Pali mafunso amene akudikira kumudzi, ndipo ena mwa iwo ndi a moyo ndi imfa.

Mwana wa khungu la chialubino akabadwa, kawirikawiri amene amalozedwa chala ndi mayi: ati anayenda ndi mwamuna wina, ati analakwira mizimu. Mabanja atha chifukwa cha zimenezi. Cha m'ma 2015 anthu achialubino anasakidwa ndi kuphedwa kumpoto kwa Mozambique ndi ku Malawi chifukwa cha bodza lakuti ziwalo zawo zimalemeretsa, mpaka nthumwi ya United Nations pa nkhaniyi, Mayi Ikponwosa Ero, inayendera maiko onse awiri mu 2016. Chonsecho phunziro lake ndi la chaka choyamba. Chialubino ndi chibadwa chobisala. Mwana amabadwa nacho pokhapokha atalandira mbali imodzi kwa mayi ndi ina kwa bambo, ngakhale onse awiri ali akuda bii. Ndipo makolo otere ali ndi mwayi umodzi pa inayi pa mimba iliyonse. Bambo amene akuthamangitsa mkazi wake akuthamangitsa theka chabe la nkhani, theka linalo lili m'thupi mwake. Matenda a magazi aja amati anemia falciforme amayendanso chimodzimodzi, ndipo mu 1954 Anthony Allison anaonetsa ku East Africa kuti amene ali ndi mbali imodzi yokha amatetezeka ku malungo oopsa, n'chifukwa chake chibadwachi chimachuluka kumadera a udzudzu. Wophunzira amene wakhoza mafunso onse a pa foni koma sangathe kukhala pa mkeka ndi ankhoswe n'kufotokoza zimenezi m'Chinyanja chomveka, popanda kutchula majini, sanamalize phunziro.

Ku munda nakonso. Mlimi amene wasunga mbewu ya chimanga cha hayibulidi n'kubzalanso amadabwa kuona mapesi ena aatali ena aafupi, zokolola zitatsika, ndipo amati wogulitsa anamubera. Palibe anamubera: ndi zidzukulu za Mendel zija, zimene zimabalalika pa mbadwo wachiwiri. Mbewu ngati Matuba, imene si hayibulidi, ingathe kusungidwa kwa nyengo zingapo. Chinangwa, chimene chimapatsa anthu a kunyanja kondowole, chimabzalidwa ndi mitengo yake, ndiye kuti munda wonse ungathe kukhala chomera chimodzi chobwerezedwa, ndipo matenda amene agonjetsa phata limodzi agonjetsa onse.

Choopsa kwambiri kwa nyanja yeniyeniyo ndi tilapia ya ku Nile. Imakula msanga, ndipo woweta nsomba aliyense amaisirira. Koma imakwatirana ndi abale ake a m'madzi a kuno kumwera kwa Africa. Mu mtsinje wa Limpopo yasakanikirana ndi Oreochromis mossambicus, nsomba yotchedwa ndi dzina la dziko lino, mpaka nsombayo inalowa pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pachiswe. Mu 2013 Martin Genner ndi anzake analengeza kuti aipeza ku Tanzania, m'madzi a m'dera limene mitsinje yake imathira m'nyanja ino. Chambo ndi makumba ndi a mtundu womwewo wa Oreochromis. Dziwe limodzi losefukira nthawi ya mvula ndi lokwanira, ndipo chibadwa chikasakanikirana palibe khoka limene lingachisefe. Mwana wa nsomba wosakanizika savuta kumuphonya ndi maso. Amafuna munthu wodziwa kuyeza. Dera la nyanja la mbali ya Mozambique linakhala malo otetezedwa mu 2011, ndipo chaka chomwecho linalowa pa mndandanda wa Ramsar. Malo otetezedwa amafuna alonda odziwa chimene akulonda.

Palinso za umwini. Mozambique inavomereza pangano la Nagoya mu 2014, limene limati phindu lochokera ku chibadwa cha zamoyo za dziko ligawidwe ndi eni dziko. Mu 2024 ku Cali, ku Colombia, maiko anagwirizana zokhazikitsa thumba la ndalama zochokera kwa makampani amene amagwiritsa ntchito DNA yosungidwa m'makompyuta. DNA ya mbuna siinabisidwe: ya Metriaclima zebra inasindikizidwa mu 2014, ndipo ili poyera pa intaneti, pa malo ngati Ensembl ndi NCBI, kumene aliyense angaitsegule ngakhale ndi foni. Chitseko chili chotsegula. Chosowa ndi mwana wa Lago wodziwa kuwerenga zimene zili m'katimo, amene angakhale pa tebulo pamene alendo akupempha chilolezo chotenga nsomba, n'kufunsa mafunso oyenera.

Sukulu yoyenda si yachilendo pa gombe lino. Sitima ya Chauncy Maples, imene inayamba kuyenda pa nyanja mu 1901, inkanyamula aphunzitsi ndi ophunzira kuchoka doko lina kupita doko lina, ndipo mabuku a Chinyanja ankasindikizidwa pa Likoma. Zimene zinachititsa kuti midzi ya Messumba ndi Cobué itchuke ndi anthu ophunzira n'zakuti maphunzirowo, ngakhale anabwera ndi alendo, anafika m'chilankhulo cha pa gombe. Foni ndi sitima ya masiku ano. Katundu wake ndiye sanapakiridwe pa doko lino.

Ndipo kupakira kwake sikufuna ndalama za nduna. Anki imalola aliyense kupanga makadi ake, kuikamo chithunzi ndi mawu ojambulidwa, n'kugawira anzake pa Bluetooth kapena pa WhatsApp. Mphunzitsi mmodzi wa genética ku Lichinga kapena ku Unango angathe kupatsa ophunzira a chaka chomaliza ntchito imeneyi kuti ikhale monografia yawo: makadi a Chipwitikizi, kufotokoza kwake m'Chinyanja ndi m'Chiyao, zithunzi zojambulidwa pa miyala ya Chuanga ndi pa thandala la usipa. Mapulogalamu ngati Kolibri ndi Kiwix anapangidwira malo opanda intaneti. Kakompyuta kamodzi ndi sola pa sukulu ya sekondale ya ku Metangula kangathe kugawira mafoni onse a m'kalasi mavidiyo ndi mabuku popanda mega ndi imodzi yomwe, ndipo Kolibri imalola kuonjezamo maphunziro opangidwa konkuno. Akuluakulu oona za nsomba, popereka chilolezo kwa wofufuza wochokera kunja, angathe kuikapo lamulo limodzi losavuta: asanachoke, asiye phunziro limodzi lolembedwa m'Chipwitikizi chosavuta, ndipo atenge wophunzira mmodzi wa m'chigawo muno m'bwato lake. Wailesi ya m'dera ya ku Metangula ingathe kupatsa ophunzira a pa tchuthi theka la ola kuti ayesere mawu atsopanowo pa makutu a anthu, pakuti mawu amene amayi a pa msika awakana ndiye kuti sanapse.

Asodzi akuluakulu asasiyidwe kunja. Iwo amadziwa utaka wa chirundu ichi ndi wa chirundu icho, amadziwa mwezi umene chambo chimafungatira ana m'kamwa, ndipo ali ndi maina a nsomba amene sanalembedwe m'buku lililonse. Wophunzira amene angakhale nawo sabata imodzi, kope ndi foni m'manja, akuwerenga mbuna za mawanga ndi zopanda mawanga pa thanthwe limodzi, zazimuna padera zazikazi padera, adzabwerera ku Lichinga ndi manambala ake enieni, osayera ngati a m'pulogalamu, oti awayese yekha ndi qui-quadrado. Mwina adzapeza zimene a ku Maryland anapeza, mwina thanthwe lake lidzanena zina.

Khadi loyamba la m'gulu limenelo silivuta kulemba. Kutsogolo: chithunzi cha mbuna yaikazi ya mawanga ndi yaimuna yabuluu, ndi funso lakuti mayiyu walavula ana 40, kodi a mawanga akhalapo angati, ndipo ndi aamuna kapena aakazi? Kumbuyo: pafupifupi 20, ndipo pafupifupi onsewo ndi aakazi. M'munsi mwake funso lachiwiri, lopanda yankho, loti wophunzira akafunse msodzi wa kwawo dzina limene nsombayo imadziwika nalo pa doko lawo.